Chiwindi Chikavulala, Ndani Amachiuza Kuti Chimerenso?

M'zipatala za m'mbali mwa nyanja m'boma la Lago, kuchokera ku Meluluca kudzera ku Metangula mpaka ku Cóbuè, wodwala akabwera ndi mimba yotupa ndi maso achikasu, wachipatala amamugoneka chagada n'kumuuza kuti akoke mpweya wambiri. Zala zimalowa pansi pa nthiti zakumanja. Chiwindi chathanzi chimabisala kuseri kwa nthitizo, ndipo chikagunda zala chimakhala chofewa, chosalala. Koma nthawi zina zalazo zimakumana ndi chinthu cholimba gwa, cha timibulu, chomwe chatsika mpaka kufupi ndi mchombo. Achibale omwe ali pakhonde amakhala atagamula kale. Ena amati, "Munthuyu anamudyetsa." Ena amanong'onezana za kachasu.

Chodabwitsa n'chakuti chiwalo chomwe chafika pamenepachi ndicho chimaposa ziwalo zonse zam'kati pa luso lodzichiritsa. Mtima ukafa mbali ina, pamatsala chipsera mpaka kalekale. Chiwindi chimameranso.

Umboni wake unaoneka bwino mu 1931, pamene George Higgins ndi Reuben Anderson a ku Mayo Clinic, ku America, anadula magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha khoswe n'kusoka mimba. Pasanathe milungu iwiri chiwindi chija chinali chitabwerera pa kulemera kwake kwakale. Zigawo zodulidwazo sizinaphukenso pamalo pake ayi. Zotsalazo ndi zomwe zinakula mpaka kukwaniritsa mlingo, kenako n'kuima. Kwa munthu zimatenga nthawi yotalikirapo, milungu ingapo mpaka miyezi, ndipo n'chifukwa chake lero munthu wamoyo amatha kupatsa mwana wake kapena m'bale wake gawo la chiwindi, onse awiri n'kukhala ndi moyo. Mafunso awiri anatsala kwa zaka zoposa 50: maselo a chiwindi, omwe masiku onse sagawikana kawirikawiri, amadziwa bwanji kuti nthawi yochulukana yakwana? Nanga amadziwa bwanji kuti basi zakwanira?

Anthu ofufuza anapeza kanjira pamene analumikiza mitsempha ya makoswe awiri kuti magazi aziyenda mwa onse. Atadula chiwindi cha mmodzi, maselo a chiwindi cha mnzake wosadulidwa uja nawonso anayamba kugawikana. Uthengawo umayenda m'magazi. Mu 1984 Toshikazu Nakamura wa ku Japan anaupeza m'magazi a makoswe odulidwa chiwindi, ndipo chaka chomwecho gulu la George Michalopoulos ku America linafika pa chinthu chomwechi mwa njira yake. Mu 1988 madokotala a ku Kagoshima anachisefa m'magazi a anthu omwe chiwindi chawo chinalephera mwadzidzidzi, ndipo mu 1989 jini yake inawerengedwa yonse. Ndi puloteni yaikulu ndithu, ya ma amino acid 728, ndipo imadziwika ndi zilembo zitatu: HGF, chokulitsa maselo a chiwindi.

Kwina anthu anali pa ntchito zina, osadziwa kuti akukumba munda womwewo. Mu 1984 momwemo, gulu la George Vande Woude ku National Cancer Institute linapeza jini yoyambitsa khansa m'maselo a fupa omwe anawathira mankhwala oopsa, n'kuitcha MET. Ku England, Michael Stoker ndi Ermanno Gherardi anaona kuti pali puloteni ina yomwe ukaithira pa maselo ogwirana bwino, maselowo amalekana n'kuyamba kukwawa, aliyense ulendo wake. Chaka cha 1991 chinamanga nkhani zitatuzi mtolo umodzi. Donald Bottaro ndi anzake ku America, komanso gulu la Paolo Comoglio ku Torino, anasonyeza kuti MET ndiye cholandirira HGF pakhungu la selo. Gulu la Walter Birchmeier ku Germany linasonyeza kuti puloteni yobalalitsa maselo ija ndi HGF yomwe. Choncho chinthu chimodzi chimachiritsa chiwindi, chimayendetsa maselo, ndipo cholandirira chake chinadziwika koyamba ngati choyambitsa khansa. Nkhani yonse ya HGF yagona pa zitatuzi.

Mmene zimachitikira m'thupi n'zosangalatsa kuziona pafupi. Maselo enieni a chiwindi nthawi zambiri sapanga HGF. Imapangidwa ndi timaselo tina tokhala pakati pa maselowo ndi timitsempha ta magazi, tomwe tili ndi manja ambiri ndipo timasunganso vitamini A. HGF yopangidwayo imasungidwa pomwepo, yomatirira ku ulusi womwe umagwira maselo, koma isanakhale ndi mphamvu. Chiwindi chikavulala, ma enzyme ena, monga urokinase, amaidula pamalo amodzi, ndipo kudulidwako ndi komwe kumaidzutsa. Pasanathe ola limodzi kuchokera pa opaleshoni, HGF m'magazi a khoswe imakwera kuposa ka 10.

MET ndi puloteni yomwe mutu wake uli kunja kwa selo, thupi lapyoza khungu la selo, ndipo mchira uli mkati. HGF imafika ngati mlendo wochita odi pakhomo: siilowa m'nyumba, koma onse a mkati amadzuka. Ikagwira mutu wa MET, ma MET awiri amayandikana, michira yawo n'kuikana tizidutswa ta phosphate pa malo otchedwa tyrosine, poyamba pa nambala 1234 ndi 1235, kenako kumapeto kwa mchira pa 1349 ndi 1356. Malo awiri omalizawa akadzaza, mapuloteni ena a m'selo, makamaka Gab1 ndi Grb2, amabwera kudzakocheza pamenepo, ndipo uthenga umagawikana. Njira ya Ras ndi MAPK imapita kwa DNA kukalamula kuti selo ligawikane. Njira ya PI3K ndi Akt imaletsa selo lovulala kudzipha, chifukwa maselo ali ndi dongosolo lodziwononga okha akawonongeka kwambiri. Njira zina zimamasula zomangira pakati pa selo ndi linzake, kuti lisendere kukatseka pabala. Mwa khoswe, pakatha maola 24 maselo ambiri amakhala akukopera DNA yawo.

Kuzimitsa n'kofunika mofanana ndi kuyatsa. Pafupi ndi khungu la selo, mchira wa MET uli ndi tyrosine ina, ya nambala 1003. Puloteni yotchedwa Cbl imagwira pamenepo n'kuika chizindikiro choti MET imezedwe ndi selo, igayidwe. Uthenga umatha. Zinthu zina, monga TGF-beta, zimathandiza kuimitsa kuchulukana chiwindi chikafika pa mlingo wake.

Kuti dongosololi si lokongoletsa chabe zinaoneka mu 1995, pamene anapanga mbewa zopanda jini ya HGF kapena ya MET. Ana ake ankafera m'mimba: nsengwa sinkakula bwino, chiwindi chinali chaching'ono, ndipo minofu sinkafika m'miyendo chifukwa maselo oipanga ankalephera kuyenda ulendo wawo kuchokera kumsana. Mu 2004 magulu awiri, ku Berlin ndi ku America, anachotsa MET m'chiwindi cha mbewa zobadwa kale, ndipo chiwindicho chikavulala chinkalephera kudzikonza bwino.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a kunyanja kudzera mwa udzudzu. Aliyense wa ku Chuanga kapena ku Messumba amadziwa malungo ngati kutentha thupi ndi kunjenjemera, koma matendawa amayambira m'chiwindi, mwakachetechete. Tizilombo tomwe udzudzu walavulira pakhungu timathamangira ku chiwindi, n'kukhalamo pafupifupi sabata; kamodzi kokha kamabala tizilombo zikwi makumi ambiri tisanatulukire m'magazi. Mu 2001 Maria Mota, wasayansi wa ku Portugal, anasonyeza kuti kachilomboka sikakhazikika m'selo loyamba lomwe kapeza. Kamaboola maselo angapo, kulowa uku kutulukira uko, kuwasiya ovulala. Mu 2003 gulu lake linalengeza kuti maselo ovulalawo amatulutsa HGF, ndipo HGF ikadzutsa MET pa maselo oyandikana nawo, maselowo amakhala malo abwino oti kachilombo kakhazikike, osafa msanga. Anthu anayembekezera kuti kutseka MET kungatseke malungo asanayambe.

Chiyembekezocho chinachepa mu 2011. Alexis Kaushansky ndi Stefan Kappe a ku Seattle anapeza kuti zimenezi n'zoona kwa Plasmodium berghei, mtundu wa malungo a mbewa womwe unagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku woyamba uja, koma Plasmodium falciparum, womwe ukupha ana kuno, sudalira MET motero. Zotere siziyenera kukhumudwitsa munthu, chifukwa sayansi yoona imayesedwa kachiwiri, ndipo ndi bwino kuti zinadziwika ndalama zisanathere pa mankhwala osagwira. Mfundo yoti malungo angathe kugonjetsedwa asanatuluke m'chiwindi inatsalabe. Katemera wa RTS,S, yemwe anayesedwa pa ana ku Manhiça ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2004, komanso wa R21 yemwe Mozambique inayamba kupereka ku Zambézia mu 2024, onse amalimbana ndi kachilombo pa ulendo wake wopita ku chiwindi.

Bala la malungo ndi la masiku ochepa. Vuto lalikulu ndi mabala omwe sapereka mpata. Dongosolo la HGF ndi MET limagwira bwino chiwindi chikavulala kamodzi n'kupatsidwa nthawi. Chikamavulazidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 20 kapena 30, timaselo ta manja ambiri tija timasintha khalidwe: timachepetsa kupanga HGF n'kuyamba kuluka ulusi wolimba wa collagen. Maselo a chiwindi amayesabe kuchulukana, koma ali otsekeredwa m'tizigawo tozunguliridwa ndi zipsera. Timibulu tomwe zala za wachipatala zimamva timachokera pamenepa. Ndipo selo lililonse likamagawikana limakopera DNA, pokopera pamalowa zolakwika. Kugawikana kosalekeza pakati pa kutupa ndi poizoni ndi komwe kumabala khansa. Khansayo ikabadwa, imatenga MET kukhala chida chake. Mphamvu zitatu zija, kuchulukana, kukana kufa ndi kuyenda, ndi zomwe chotupa chimafuna kuti chikule n'kulowa m'mitsempha. Odwala omwe zotupa zawo zili ndi MET yambiri nthawi zambiri matenda awo amathamanga.

Dziko la Mozambique lili ndi mbiri yowawa pa nkhaniyi. Kaundula wa khansa yemwe Manuel Prates ndi Torres anachita ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, n'kusindikizidwa mu 1965, anasonyeza kuti amuna pafupifupi 100 pa 100,000 aliwonse ankadwala khansa ya chiwindi pachaka. Chinali chimodzi mwa ziwerengero zokwera kwambiri zomwe zinalembedwapo padziko lonse. M'migodi ya golide ku South Africa madokotala ankaona anyamata ochokera kumwera kwa Mozambique akufa ndi nthendayi asanakwanitse zaka 40, ndipo Michael Kew wa ku Johannesburg anathera moyo wake wa ntchito pofufuza chifukwa chake. Zifukwa zazikulu zinapezeka ziwiri, ndipo zonse zimapezeka paliponse pomwe pali nkhokwe ndi ana obadwa, ku Niassa komwe.

Choyamba ndi kachilombo ka hepatitis B. Munthu wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi limakachotsa; osakwana 5 pa 100 ndi omwe amatsala nako. Khanda likakatenga pobadwa, mwa 10 aliwonse 9 amakhala nako moyo wonse. Ana aang'ono amapatsirananso posewera, kudzera m'zilonda, malezala ndi zotemera mphini. Mwanayo amakula bwinobwino, kupalasa bwato, kukoka chilimira, kukwatira, osamva kanthu, pamene chitetezo cha thupi lake chikupha maselo a chiwindi okhala ndi kachilombo ndipo HGF ikulamula otsala kuti achulukane. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi kachilomboka, ndipo 1.1 miliyoni anamwalira nako chaka chimenecho.

Chachiwiri ndi chuku. Poizoni wa aflatoxin anadziwika mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya cha mtedza wochokera ku Brazil. Amapangidwa ndi nkhungu ya Aspergillus, yomwe imakonda chimanga ndi mtedza zosauma bwino m'malo otentha. Kuphika sikumuwononga. Kafukufuku wa ku Inhambane, wosindikizidwa mu 1985, anayeza zakudya zophika m'makomo n'kupeza kuti komwe poizoniyu anali wambiri, khansa ya chiwindi inalinso yambiri. Mu 1991, chaka chomwe MET ndi HGF zinalumikizidwa, zotupa za odwala a kumwera kwa Africa, ambiri a iwo a ku Mozambique, zinasonyeza cholakwika chofanana pa malo a nambala 249 a jini ya p53, yomwe ntchito yake ndi kuimitsa selo lowonongeka. Cholakwikachi lero chimatengedwa ngati chidindo cha aflatoxin. Ziwirizi zikakumana, ngozi siwonjezeka pang'ono. Kafukufuku wa amuna oposa 18,000 ku Shanghai, wa mu 1994, anapeza kuti aflatoxin yekha amachulukitsa ngozi pafupifupi katatu, kachilombo kokha ka 7, koma zonse pamodzi pafupifupi ka 60.

Apa ndi pomwe mtima umawawa, chifukwa pamudzi mtedza wabwino ndi womwe umapita kumsika. Wofota, woboola ndi wakuda uja umatsala pa lichero, n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za ndiwo za banja. Chimanga chovunda pansi pa nkhokwe sichitayidwa. Chimapita ku mowa kapena kwa nkhuku. Palibe yemwe amachita izi mwa dala. Ndi umphawi, komanso kusauzidwa.

Nyanja nayo ili ndi gawo lake. Likodzo lodziwika kwambiri m'nyanjayi ndi la mkodzo wamagazi, lomwe limawononga chikhodzodzo. Koma mu 2017 ofufuza a ku Liverpool School of Tropical Medicine ndi anzawo a ku Malawi anapeza nkhono za Biomphalaria m'magombe a ku Mangochi, ndipo posakhalitsa likodzo la m'matumbo linapezeka mwa ana a sukulu kumeneko. Madzi ndi amodzi, ndipo nkhono sizidziwa malire. Mazira a likodzo limeneli amakakamira m'timitsempha ta chiwindi n'kupanga zipsera mozungulira mitsemphayo. Maselo a chiwindi amagwirabe ntchito, koma magazi amasowa podutsa, kapamba amatupa, ndipo munthu angathe kusanza magazi mwadzidzidzi. Mowa, makamaka kachasu wa tsiku ndi tsiku, umawonjezera bala pa mabala onsewa.

Funso lomwe aliyense angafunse ndi lakuti, bwanji osangobaya HGF kwa wodwala chiwindi? Pa nyama zoyeserera imachepetsadi zipsera. Koma ikalowa m'magazi imatha m'mphindi zochepa, ndipo kupereka chokulitsa maselo ku chiwindi chomwe mwina chabisa kale timaselo ta khansa ndi chinthu chomwe madokotala amachiopa, ndipo ali ndi chifukwa. Mpaka pano si mankhwala omwe amaperekedwa m'zipatala pa matenda a chiwindi.

Njira yotseka MET ndi yomwe yapita patsogolo, ngakhale kuti kupambana kwake kwakukulu kuli m'mapapo. Odwala khansa ya m'mapapo pafupifupi 3 pa 100 ali ndi MET yomwe yasowa kachigawo kotchedwa exon 14, komwe kuli tyrosine 1003 ija. Cbl imasowa pogwira, MET siimezedwa, uthenga suzima. Kwa iwowa mapiritsi a capmatinib, ovomerezedwa ku America mu 2020, ndi tepotinib, mu 2021, amafotetsa zotupa mooneka. Pa chiwindi nkhani ndi yofooka. Mankhwala a tivantinib analephera pa kuyesedwa kwakukulu ngakhale anasankha odwala a MET yambiri. Cabozantinib, yemwe amatseka MET pamodzi ndi zolandirira zina, pa kafukufuku wa CELESTIAL wa mu 2018 anatalikitsa moyo kuchoka pa miyezi 8.0 kufika pa 10.2. Miyezi iwiri ndi yamtengo kwa banja lililonse, koma mankhwalawa mtengo wake wa mwezi umodzi ku America ndi madola zikwi zambiri. Msodzi wa ku Ngoo, yemwe chipatala chake chachikulu chili ku Lichinga, makilomita oposa 100 kuchokera ku Metangula, kapena wa ku Cóbuè yemwe amawoloka pa bwato kupita ku chipatala cha St Peter's pa Likoma, sangawaone. Kafukufuku wa m'mayiko angapo a mu Africa, wa mu 2017, anapeza kuti kunja kwa Egypt odwala khansa ya chiwindi ankapezeka ali ndi zaka pafupifupi 46, ndipo theka la iwo linkamwalira pasanathe miyezi itatu.

Choncho phindu la sayansi ya HGF kwa anthu a kunyanja silili m'mapiritsi amenewa. Lili pa zomwe yatsimikiza: chiwindi chili ndi mphamvu zokwanira zodzikonza, ngati chovulaza chachotsedwa nthawi ilipo. Ngakhale zipsera zimatha kubwerera m'mbuyo. Odwala hepatitis B omwe amwa tenofovir kwa zaka 5 ambiri a iwo chiwindi chawo chimafewanso, ndipo tenofovir si wachilendo kuno. Ali m'mapiritsi a ma-ARV omwe amaperekedwa kale m'zipatala za boma. N'chifukwa chake munthu yemwe ali ndi HIV ndi hepatitis B pamodzi akasiya mapiritsi mwadzidzidzi, chiwindi chimatha kutupa koopsa. Katemera nayenso anasonyeza mphamvu zake: Taiwan itayamba kubaya makanda mu 1984, khansa ya chiwindi mwa ana inatsika pafupifupi ndi theka. Mozambique inaika katemerayu pa ndondomeko ya ana mu 2001, Malawi mu 2002. Izi zikutanthauza kuti pafupifupi onse obadwa zaka zimenezi zisanafike sanabayidwe, ndipo ambiri mwa amayi ndi abambo a lero ndi iwowo. WHO imalangiza kuti khanda lilandire katemera woyamba pasanathe maola 24 libadwire, chifukwa wobwera patapita masabata angapo amapeza kachilombo ka pobadwa katakhazikika kale.

Za chuku, umboni unachokera ku Guinea mu 2005. Alimi a mtedza anaphunzitsidwa zinthu wamba: kusankha ndi manja n'kutaya woonongeka, kuyanika pa mphasa m'malo mwa pa dothi, kuonetsetsa kuti wauma mpaka kulira pomugwedeza, kusunga m'matumba opita mpweya, ndi kusanja matumbawo pa matabwa kuti asakhudze pansi. Patatha miyezi 5, aflatoxin m'magazi awo anali wochepa kuposa theka poyerekeza ndi midzi yomwe sinachite zimenezi. Anthu omwe amadziwa kuyanika usipa pa thandala kuti usagwire mchenga safunika kuphunzitsidwa zambiri.

Mayi woyembekezera wa ku Lago akapita ku sikelo afunse kuyezedwa hepatitis B pamodzi ndi HIV, ndipo akapezeka nako afunse za mankhwala ake ndi katemera wa mwana wa tsiku lobadwa. Banja lomwe lataya munthu ndi nthenda ya mimba yotupa ndi maso achikasu lipite kukayezetsa lonse, abale a bere limodzi poyamba, m'malo mofufuza yemwe anamudyetsa. Mapiritsi a likodzo a praziquantel akabwera kusukulu, ana amwe, ndipo asodzi ndi amayi ochapa kunyanja asadziike pambali. Mtedza wakuda ndi wofota uja usalowenso mu mtondo.